Galina Vishnevskaya: sopulano, Bolshoi ndi pasipoti yomwe inalandidwa

Tsiku lina pa gulupu yathu ya kwaya pa WhatsApp mnzathu wina anaponya kavidiyo kakalekale, mayi wina ataima pa siteji akuimba Chirasha, maikolofoni m'manja mulibe, koma mawu akewo akutulukira pamwamba pa zoimbira zonse osamira olo pang'ono. Mafunso anayamba kuvumba. Ndani ameneyu, opera ndi chani kwenikweni, nanga poti ankangoimba boma linamulanda unzika chifukwa chani, wina mpaka anabweretsa nkhani ya Anna Netrebko yemwe Metropolitan Opera ya ku New York inasiya kugwira naye ntchito mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba, eti kodi si nkhani imodzimodzi? Ndinayesa kuyankha pafoni pomwepo koma chala chinatopa, nde ndati bola ndilembe kamodzi n'kamodzi. Mayi a mu kavidiyo aja ndi Galina Vishnevskaya, anabadwa pa 25 Okutobala 1926 ku Leningrad, komwe pano timati St Petersburg, ndipo anamwalira pa 11 Disembala 2012 ku Moscow. Kuti mbiri yawo imveke pali zinthu zingapo zofunika kuzimasula kaye.

Opera ndi chani

Opera ndi sewero basi, kungoti ochita seweroyo sayankhula, amaimba chilichonse, kulonjerana akuimba, kukangana akuimba, olo kufa kumene amafa akuimba. Taganizani za nthano za agogo zija, amasimba amasimba ife tikuvomera kuti tili tonse, kenako pofika pakatikati pamabwera kanyimbo. Opera inatembenuza zimenezo, nyimbo ndiye nthano yonse, ndipo kutsogolo kwa siteji kuli dzenje momwe mumakhala orchestra, gulu la oimba zipangizo lomwe nthawi zambiri limapitirira anthu 60.

Zinayambira ku Italy, ku Florence, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo opera yakale yomwe mpaka lero imaseweredwa kawirikawiri ndi L'Orfeo ya Monteverdi ya 1607. Ku Russia poyamba mafumu ankangoitanitsa oimba ochokera ku Italy, yawoyawo inadzakhazikika ndi Mikhail Glinka mu 1836, kenako kunabwera a Mussorgsky, a Tchaikovsky ndi ena. Ya Tchaikovsky yotchedwa Eugene Onegin, yomwe inaonetsedwa koyamba mu 1879 kuchokera pa nkhani ya Pushkin, muisunge m'mutu chifukwa tikumana nayo kawiri. Muli mtsikana wakumudzi dzina lake Tatyana yemwe amachezera usiku wonse kulemba kalata yachikondi kwa mwamuna amene samufuna, ndipo gawo la kalata lokhalo woimbayo amakhala akuimba kupitirira mphindi 10 popanda womulandira.

Sopulano ya ku tchalitchi ndi ya pa siteji

Apa ife a kwaya tili kwathu, sopulano, alto, tenala, besi timazidziwa. Sopulano ndi mawu apamwamba kwambiri mwa anayiwo. Koma wa opera amasiyana ndi wa ku tchalitchi pa zinthu ziwiri, amaimba yekha ndipo alibe sipika yomuthandiza, holo ya anthu 2,000 kapena kuposa ayenera kuidzaza ndi thupi lake lomweli.

Zimatheka bwanji? M'kholingo muli timinofu tiwiri tating'ono kwambiri, mpweya ukamachoka m'mapapo timinofuti timanjenjemera ndiye mawuwo. Pa noti ya A ija oimba zipangizo amachunira, timanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi, ndipo sopulano akakwera pa C yapamwamba timapitirira ka 1,000 pa sekondi. Paokha timinofuti timatulutsa kaphokoso kopanda pake, chomwe chimakuza ndi kukometsa ndi mpata wa kukhosi ndi m'kamwa, monga momwe chikopa cha ng'oma sichingalire bwino popanda mphako ya mtengo. Ndiye pansi pa mapapo pali mnofu waukulu womwe umagwira ntchito ngati mvukuto wa wosula, ukaupopa mwaphuma moto umangoti lawi n'kuzima, ukaupopa modekha chitsulo chimafiira. Woimba opera moyo wake wonse amaphunzira kupopa modekhako.

Masopulano nawonso ali m'magulu. Alipo opepuka othamanga ngati timba, amati coloratura. Alipo ofewa otentha, amati lyric. Alipo olemera omwe amalimbana ndi malipenga, amati dramatic. Mayi Galina ambiri amawaika pakati pa lyric ndi dramatic, kutanthauza kuti ankatha kunong'ona ngati Tatyana komanso kubangula ngati Tosca kapena Aida, akazi a m'ma opera a ku Italy a mayina omwewo. Magulu amenewa si malamulo a chilengedwe ayi, ndi mayina omwe nyumba za opera zinapanga kuti zidziwe wolemba ntchito, ndipo akatswiri amakanganabe mpaka lero kuti wakutiwakuti anali wa gulu liti.

Mwana wa ku Kronstadt, ndi nkhani ya mphunzitsi wa mawu

Dzina lawo lobadwa nalo linali Galina Ivanova. Makolo sanawalere, anakulira kwa agogo awo aakazi ku Kronstadt, tauni ya asilikali apamadzi yomwe ili pa chilumba pafupi ndi Leningrad. Ali ndi zaka 14 asilikali a Germany anazinga Leningrad, kuyambira Seputembala 1941 mpaka Januwale 1944, masiku 872, ndipo pa nthawi yoipitsitsa munthu wosagwira ntchito ankalandira buledi wa magalamu 125 patsiku, kagawo kokwana pa chikhatho. Anthu mazanamazana a masauzande anafa, ambiri ndi njala, agogo aja nawo anamwalira nthawi yomweyo. Galina anapulumuka, analowa gulu la atsikana loteteza mzinda lomwe linkachotsa zigumuka za nyumba zophulitsidwa, ndipo kumeneko madzulo ankaimbira asilikali. Dzina loti Vishnevskaya analitenga kwa mwamuna wawo woyamba, msilikali wapamadzi Georgy Vishnevsky, ukwatiwo sunakhalitse koma dzina linatsala.

Mu 1944 analowa gulu la operetta, tinene kuti kaopera kopepuka kosakaniza nthabwala, kuyankhula ndi kuvina, ndipo ankayendayenda nalo m'matauni ndi m'midzi. Anakhala pabanja ndi mkulu wa gululo Mark Rubin, anabereka mwana wamwamuna yemwe anamwalira ali wakhanda, kenako iwo anadwala chifuwa chachikulu. M'buku la mbiri yawo lomwe linatuluka mu 1984 amasimba kuti madokotala ankafuna kufwetsa phapo limodzi, momwe ankachizira TB masiku amenewo, koma iwo anakana poopa kuti kuimba kuthera pomwepo, ndipo anachira ndi mankhwala a streptomycin omwe anali osowa komanso odula zedi.

Tsopano apa ndi pomwe ndimafuna tikhalitse. Pa nthawiyo mawu awo apamwamba anali atasowa, moti iwo eni ankadziyesa mezzo, yemwe ali ngati alto wathu uja. Malinga ndi iwo, maphunziro oyamba omwe analandira ndiwo anawasokoneza kapumidwe. Wowabwezera mawu anali gogo wina wa ku Leningrad, Vera Garina, yemwe atangowamva anawauza kuti iwo ndi sopulano, n'kuyamba nawo pachiyambi penipeni, kupuma, kumasula lilime ndi nsagwada, kuimba timanoti tochepa mobwerezabwereza.

Mphunzitsi wa mawu ndi wosiyana ndi wophunzitsa kwaya. Wa kwaya amakuphunzitsa nyimbo, uyu amakumangira chipangizo chenichenicho. Vuto lake n'loti chipangizocho sichioneka. Wophunzitsa gitala amagwira chala chako n'kuchiika pa waya, koma wa mawu sangalowetse dzanja kukhosi kwako, amangodalira khutu lake ndi mafanizo, ganiza ngati ukununkhiza duwa, ganiza ngati ukuyasamula, mawu uwaike kuseri kwa mano. Kuonjezera apo woimba sadzimva momwe ena amamumvera chifukwa mawu ake amamufika kudzera m'mafupa a m'mutu, n'chifukwa chake tonsefe tikamva voisi noti yathu timakana kuti si ine ameneyu. Luso limeneli linakula ku Italy, komwe amalitcha bel canto, kuimba kokongola, ndipo linkayenda kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira ngati momwe using'anga kapena kusula zimayendera pamtundu. Mu 1854 mphunzitsi wina, Manuel García, anagwiritsa ntchito timagalasi kuona timinofu ta m'kholingo take tikugwira ntchito, ndipo sayansi ya mawu inayambira chapamenepo, koma mpaka pano aphunzitsi sagwirizana pa kapumidwe koyenera. Ine ndinaonapo mtsikana wa m'kwaya yathu ataikidwa ku alto zaka zinayi chifukwa choti kumeneko kunali kopelewera anthu, tsiku lina mlendo wodziwa anamuimbitsa yekha n'kupeza kuti ndi sopulano weniweni. Nkhani ya Garina ndi yomweyo, kungoti zotsatira zake dziko lonse linazimva.

Bolshoi, ndi kukhala woimba wa boma

Mu 1952 Galina anaona chidziwitso cha mpikisano wolowera ku Bolshoi Theatre ku Moscow. Analibe dipuloma ya sukulu yapamwamba ya zoimba monga anzawo, koma anaimba nyimbo ya Aida ndipo anatengedwa. Mu 1953 anaimba Tatyana, chaka chotsatira Leonore mu Fidelio ya Beethoven, ndipo anakhala pamenepo zaka 22, maudindo oposa 30. Wowongolera masewero Boris Pokrovsky ndi wotsogolera orchestra Alexander Melik-Pashayev ndiwo anawaumba kwambiri. Chomwe anthu ankadabwa nacho n'choti masopulano ambiri a nthawiyo ankangoima n'kuimba, koma awa ankasewera, mwina chifukwa cha zaka zija za mu operetta, ndipo Tatyana wawo ankaonekadi ngati mtsikana.

Mawu oti Bolshoi amangotanthauza chachikulu. Mbiri yake amaiwerengera kuyambira 1776, ndipo mu nthawi ya Soviet Union inali ngati timu ya dziko pa mpira, ukalowamo ndiye kuti wavala mbendera. Panalibe kampani ya munthu payekha yojambula nyimbo kapena yokonza makonsati, zonse zinali za boma. Boma linkalipira maphunziro, malipiro a pamwezi, nyumba, chipatala chabwino, ndi maudindo aulemu okhala ndi masitepe, lapamwamba kwambiri linali People's Artist of the USSR, lomwe mayi Galina analandira mu 1966, kenako Order of Lenin mu 1971. Mbali inayo, boma lomwelo ndi lomwe linkasankha zomwe uimbe, komwe upite, ndipo ndalama zambiri zomwe woimba wapeza kunja zinkapita ku bungwe la boma lotchedwa Goskontsert. Akuluakulu a chipani akamadya phwando ku Kremlin oimba ankaitanidwa kukawasangalatsa. Galina amasimbanso kuti polemba fomu yolowera ntchito anabisa zoti bambo awo anamangidwapo pa mlandu wa ndale, ndipo kuti a KGB, apolisi achinsinsi a boma, anawakakamizapo kuti azikanena za anzawo.

Oikira kumbuyo dongosololi amati taonani, mwana woleredwa ndi agogo wa ku Kronstadt anafika pamwamba popanda kulipira kobiri, ndipo matikiti anali otsika mtengo moti wogwira ntchito mu fakitale ankatha kuonera opera. Otsutsa amati mtengo wake unali pakamwa pako. Zonse ziwiri zinachitikira munthu mmodzi yemweyu.

Mu 1955 ku Prague anadziwana ndi Mstislav Rostropovich, katswiri wa cello, chija chimaoneka ngati vayolini yaikulu yoimba utakhala pansi. Nkhani imanenedwa kuti panangodutsa masiku anayi basi n'kugwirizana zokwatirana, pa nthawi yomwenso nduna yaikulu ya Soviet Union Nikolai Bulganin ankawafuna mayiwa n'kumawatumizira maluwa. Anabereka ana aakazi awiri, Olga mu 1956 ndi Elena mu 1958. Rostropovich ankadziwanso piyano kwambiri ndipo pa makonsati a akazi awo ndi iwo ankawaimbira piyanoyo.

Chilolezo chotulukira kunja, nkhani ya ku Coventry

Masiku ano tikati ulendo wavuta timanena za viza, dziko lomwe ukupitako likukukaniza. Ku Soviet Union chovuta chinali chilolezo chotuluka m'dziko lako lomwe. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi kwathu kuno mwina sizingawadabwitse kwenikweni. Galina ankaloledwa nthawi zambiri, anaimba Aida ku Metropolitan Opera mu 1961, ku Covent Garden ku London mu 1962, ndipo mu 1964 ku La Scala ku Milan anaimba Liù mu Turandot pamodzi ndi Birgit Nilsson ndi Franco Corelli. Koma chilolezo chilichonse chinali chapachokha.

Chitsanzo chodziwika ndi ichi. Tchalitchi chachikulu cha ku Coventry ku England chinaphwasulidwa ndi mabomba a Germany mu Novembala 1940. Atamanga chatsopano, wopeka nyimbo Benjamin Britten anapemphedwa kulemba nyimbo yotsegulira, ndiye analemba War Requiem, misa ya akufa ya Chilatini yosakaniza ndi ndakatulo za Wilfred Owen, msilikali yemwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Maganizo a Britten anali oti oimba atatu otsogolera achokere ku mayiko omwe anamenyana, Peter Pears wa ku Britain, Dietrich Fischer-Dieskau wa ku Germany, ndi Galina wa ku Russia, ndipo gawo la sopulano analilembera mawu a mayiwa. Unduna wa zachikhalidwe wa Soviet Union, womwe nduna yake inali Ekaterina Furtseva, unakana, nkhani yaikulu inali yoima pa siteji imodzi ndi munthu wa ku West Germany pa mwambo wa ndale chotere, pomwe khoma la Berlin linali litangomangidwa chaka chapitacho. Pa 30 Meyi 1962 amene anaimba m'malo mwa Galina ndi Heather Harper yemwe anangopatsidwa masiku ochepa okonzekera. Chodabwitsa n'choti mu Januwale 1963 Galina analoledwa kupita ku London kukajambula nyimbo yomweyo ndi anthu omwewo, ndipo chimbalecho chinagulidwa kwambiri. Wojambulitsa wake John Culshaw anasimba kuti tsiku loyamba mayiwa anakwiya koopsa ataona kuti awaika kumtunda ndi kwaya pomwe amuna awiri aja ali kutsogolo, ankaona ngati awanyoza, chonsecho Britten anakonza dala kuti sopulano aziimba pamodzi ndi kwaya. Mawa lake anabwera n'kuimba bwinobwino. Ndaikamo dala kankhanika kuti tisawapange mngelo, anali munthu waukali ndipo sankabisa.

Dmitri Shostakovich nayenso anawalembera nyimbo, za ndakatulo za Sasha Chorny mu 1960, za Alexander Blok mu 1967, ndipo anaimba pomwe Symphony yake ya nambala 14 inkamveka koyamba mu 1969. Panalinso opera yake Lady Macbeth of Mtsensk yomwe nyuzipepala ya Pravda inaitukwana mu 1936 mtsogoleri wa Soviet Union Stalin ataionera, n'kuzimiririka zaka zoposa 25. Itabwerera yosinthidwa ndi dzina loti Katerina Izmailova, Galina anasewera mu filimu yake ya 1966, ndipo ali kunja iwo ndi amuna awo anajambula yoyambirira ija ku London mu 1978. Mukafuna kumva chomwe anthu amatanthauza akamati anali wosewera osati woimba chabe, yambirani pamenepo.

Kulandidwa unzika

Mu 1969 banjali linalandira wolemba mabuku Aleksandr Solzhenitsyn kuti azikhala pa nyumba yawo ya kunja kwa tauni ku Zhukovka pafupi ndi Moscow. Solzhenitsyn anali atakhalapo m'ndende za ukaidi wa kalavulagaga ndipo ankalemba za ndendezo, nde boma linkamuona ngati mdani. Atapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1970 nyuzipepala zinamuukira, Rostropovich analemba kalata yapoyera yomuikira kumbuyo. Palibe anamangidwa m'banjamo, chilango chinabwera mwakachetechete, makonsati akunja a bamboyo kuimitsidwa, kutumizidwa kukaimba m'matauni ang'onoang'ono, dzina la mayiwa kusiya kutchulidwa m'nyuzipepala olo ataimba gawo lalikulu. Iwo amasimba kuti ntchito yojambula Tosca inaimitsidwa pakati anzawo ena a ku Bolshoi atakadandaula kwa akuluakulu, koma tikumbukire kuti apa tikumva mbali imodzi. Solzhenitsyn anapirikitsidwa m'dzikomo mu Febuluwale 1974, ndipo chaka chomwecho banjali linapempha n'kuloledwa kutuluka kwa zaka ziwiri.

Mu Malichi 1978 ali ku Paris anamva pa nkhani kuti boma lawalanda unzika, eti zochita zawo zinkanyozetsa dziko. Unzika ndi mgwirizano wa pa malamulo pakati pa munthu ndi dziko, ndi womwe umakupatsa pasipoti ndi ufulu wobwerera kwanu. Kuuchotsa kuli ngati mfumu kukufufuta m'kaundula wa mudzi uli kuulendo, munda wapita, nyumba yapita, olo maliro a m'bale wako sungabwere. Soviet Union inagwiritsa ntchito njirayi pa olemba ndi aluso angapo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chifukwa kumanga munthu wotchuka kumabweretsa phokoso kunja pomwe kumutsekera chitseko n'kosavuta. Kwawo zimbale zawo zinachotsedwa m'masitolo ndipo dzina linafufutidwa m'mabuku a mbiri ya Bolshoi.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachiona. Kwa Rostropovich kutuluka kunatsegula zitseko, kuyambira 1977 mpaka 1994 anatsogolera National Symphony Orchestra ku Washington, paja cello ilibe chilankhulo ndipo munthu amaiimba mpaka kukalamba. Kwa Galina zinali zina, anatuluka ali ndi zaka 47, msinkhu womwe sopulano amakhala watsala ndi zaka zowerengeka, ndipo anasiya nyumba yomwe inkawadziwa, chilankhulo chawo ndi anthu awo. Anaimbabe ndi kujambula, koma mu 1982 ku Paris anatsanzika siteji ya opera, ndi Tatyana yemwe uja anayamba naye. Unzika unabwezedwa mu Januwale 1990 nthawi ya Mikhail Gorbachev, mawu a siteji atapita kale.

Sukulu ya pa Ostozhenka

Mu 2002 anatsegula sukulu yawo ya oimba opera pa msewu wa Ostozhenka ku Moscow, ndipo mu 2006 anayambitsa mpikisano wa oimba a mayiko osiyanasiyana. Sukuluyi si ya oyamba kumene, imatenga omwe anamaliza kale maphunziro a zoimba n'kuwakonzekeretsa ntchito yeniyeni, ili ndi siteji yakeyake ndipo ophunzira amasewera opera yathunthu pamaso pa anthu ogula matikiti. Ili ngati nthawi ija dokotala wamaliza sukulu koma amayamba wagwira kaye m'chipatala pansi pa wamkulu. Ganizo lake n'losavuta kumva, kuimba nyimbo imodzi utaima pambali pa piyano n'kosiyana ndi kuimba maola atatu utavala chidiresi cholemera, magetsi akukuotcha, ukuthamanga, ukugwada, diso limodzi lili kwa wotsogolera orchestra.

Zomwe ankalimbikira zimadziwika kuchokera m'makalasi awo ojambulidwa, kupuma koyamba, mawu a ndakatulo amveke lililonse, ndipo woimba adziwe chifukwa chomwe munthu wa m'seweroyo akunenera zimenezo. Sankanyengerera, wophunzira akalakwitsa ankamuuza pomwepo mosazungulira. Ena amati ukali umenewo ndi womwe siteji imafuna chifukwa omvera olipira sanyengereranso, ena amati pali ophunzira omwe amafota akakalipiridwa. Mwana wawo Olga ndi yemwe anatenga utsogoleri wa sukuluyo iwo atamwalira.

Mu 2007, chaka chomwe Rostropovich anamwalira, Galina ali ndi zaka 80 anaoneka mu filimu ya Alexander Sokurov yotchedwa Alexandra, akusewera gogo wopita kukaona mdzukulu wake msilikali ku Chechnya, gawo loyankhula osati loimba. Onse awiri anaikidwa ku manda a Novodevichy ku Moscow.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Choyamba ndi mawu enieniwo. Pali omwe amati m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 panalibe Tatyana wowaposa, pali omwe amati mawu awo apamwamba ankabaya khutu makamaka m'zimbale za kumapeto, ena n'kuyankha kuti kubayako kunali dala pofuna kuonetsa ululu wa munthu wa m'seweroyo. Vuto n'loti zimbale zomwe anthu akunja amazidziwa kwambiri ndi za pomwe anali atakula, ndiye kodi tikuweruza mawu ake ati?

Kenako buku lawo lija la 1984. Zambiri zomwe dziko limadziwa za ubwana wawo ndi za mkati mwa Bolshoi zimachokera mmenemo, linalembedwa ali kunja bala likadali laliwisi, ndipo anatchula anzawo mayina mosabisa. Ena mwa otchulidwawo anali ndi mbali yawo ya nkhani, ndipo funso loti munthu yemwe anatsala m'dzikomo ndi ana ake akanatha kukana mpaka pati silinayankhidwe.

Palinso za ubale wawo ndi boma atabwerera. Boma la Russia latsopano linawapatsa ulemu waukulu ndi mamendulo, sukulu ija inakhazikika mothandizidwa ndi akuluakulu a mzinda wa Moscow, ndipo filimu ya Sokurov ena anaiyamikira kuti inaonetsa umunthu wa mbali zonse pomwe ena anati inazemba kunena za nkhanza za nkhondo ya ku Chechnya. Kodi anali wotsutsa boma, kapena anali munthu yemwe anangokana kuthamangitsa mlendo pakhomo pake, ndale n'kumupeza pomwepo? Anthu owalemba mbiri amayankha mosiyana.

Ndiye funso la mnzathu lija la Netrebko. Kufanana kulipo, onse ndi masopulano a ku Russia omwe ntchito yawo inagundana ndi ndale. Kusiyana kuliponso, Galina anatsekeredwa ndi boma la kwawo chifukwa cha mlendo yemwe anamusunga, Netrebko anasiyidwa ndi nyumba ya opera ya dziko lina yomwe inkafuna kuti adzipatule poyera kwa Vladimir Putin, iye anadzudzula nkhondoyo koma Metropolitan inati sizinakwane, Netrebko anaisumira ku khoti mu 2023, pomwe nyumba zina za ku Europe zinapitiriza kumuitana. Ena amati woimba wotchuka yemwe anapindulapo ndi boma ayenera kuyankha mafunso a ndale, ena amati kufunsa woimba kuti anene kaye mbali yake asanakwere siteji ndi zomwe Furtseva ankachita, kungoti chitseko chatembenuka.

Ndipo kwa ife a kwaya chatsala ndi chija cha Garina. Gogo uja anamva sopulano mwa mtsikana yemwe aliyense, ngakhale mwiniwake, ankati ndi mezzo. Khutu lotero limaphunzitsika m'sukulu ya zipinda ndi siteji ngati ya pa Ostozhenka, kapena limangobadwa ndi munthu n'kupita naye kumanda? Aphunzitsi a mawu eni ake mukawafunsa amagawikana pakati.